Adapereka Likoma ndani, ndipo adapereka chiyani?

Aliyense amene adayang'anapo mapu a dziko lino mofatsa amadziwa kuti pa nyanja pali chinthu chododometsa. Mzere wa malire umatsika pakati pa madzi, uku Malawi, uku Mozambique. Koma kum'mawa kwa mzerewo, m'kati mwenimweni mwa madzi a anzathu, muli timadontho tiwiri tolembedwa kuti n'ta Malawi. Ndi Likoma ndi Chizumulu. Munthu akaima ku Mbamba amawaona bwinobwino mapiri a Mozambique, pakuti kuchoka pachilumbapo kukafika ku gombe la Cobué sipakwana makilomita 10. Kuti akafike ku Nkhata Bay, kwawo kwa mbendera yake, ayenera kudula madzi makilomita oposa 50, ndipo ngati kuli mwera ndiye kuti ulendo wafa. Tsono zidatheka bwanji kuti zilumba zoyandikana chonchi ndi dziko lina zikhale boma la dziko lathu, lokhala ndi bwanamkubwa wake ndi anthu oposa 14,000 malinga ndi kalembera wa 2018?

Yankho limene timapatsidwa n'lalifupi: amishoni. Akuti mu 1885 azungu a mpingo wa Anglican adafika, adamanga, adaphunzitsa, ndipo pamene maiko a ku Ulaya ankagawana Africa, zilumbazi zidatsatira amishoniwo. Yankholi si labodza ayi. Vuto lake n'lakuti n'losalala kwambiri, ndipo nkhani ya malo ikasalala chotere timayenera kufunsa kuti wakhala chete ndani.

Amishoniwo sadatulukire pa Likoma mwangozi. Bungwe lawo, Universities' Mission to Central Africa, lidabadwa chifukwa cha mawu amene David Livingstone adayankhula ku Cambridge mu December 1857. Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, adamanga ku Magomero mu 1861, ndipo pofika kumapeto kwa January 1862 adali atamwalira ndi malungo. Nkhondo, njala ndi maliro zidawathodwetsa, kotero kuti wolowa m'malo mwake, William Tozer, adasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar mu 1864. Padapita zaka pafupifupi 20 asanabwererenso kuno. Amene adatsegula njira ndi wansembe William Percival Johnson, yemwe adafika ku gombe la kum'mawa kwa nyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson. Janson adamwalira chaka chomwecho, ndipo dzina lake lidapatsidwa kwa sitima yoyamba ya mishoniyo, imene idaikidwa pa madzi mu 1885. Choncho anthu amene adasankha Likoma adali ataluzapo kale kamodzi, ndipo ankafuna malo oti asadzathawenso.

Gombe limene Johnson adalipeza lidali pa moto. Kuchokera kumpoto kunkatsika Angoni a ku Songea, amene anthu a m'mbali mwa nyanja ankawatchula kuti Magwangwara, kudzatentha midzi ndi kugwira anthu. Kumwera kudali mafumu a Chiyao, monga Makanjira, amene chuma chawo chidali pa minyanga ndi akapolo. Kutsidya, ku Nkhotakota, Jumbe ankaoloketsa akapolo pa ngalawa kuwapititsa ku njira ya ku Kilwa. Anyanja a m'mphepete mwa madzi ankakhala m'malinga, ena kumanga nyumba pa mitengo yozikidwa m'madzi, ena kuthawira pa zilumba. Ndiye tifunse funso loyamba: ngati chilumba chidali pobisalira pa anthu akuda asanafike azungu, nzeru yoti Likoma ndi malo otetezeka idali ya yani? Amishoni adaitulukira, kapena adangoiona kwa eni nyanja n'kuitsatira?

Pakuti pa Likoma padali anthu. Izi ngakhale amishoniwo sadakane. Padali midzi, padali mabwato, padali minda pa dothi lamiyala lija, padali akuluakulu oweruza milandu, padali manda. Anthu ake adali ndi abale kumtunda wa kum'mawa, ena adali ndi mizu ku Utonga, kumadzulo. Ankakwatirana ndi a kutsidya, kugulana nsomba ndi chakudya, kuyenderana pa maliro. Nanga bwanji mbiri ya boma limeneli, m'mene timaifotokozera kwa alendo ndi kwa ana a sukulu, imayambira pa tsiku limene mzungu adaponda pa mchenga? Zaka zonse zam'mbuyomo zidapita kuti? Munthu akafunsa kuti bishopu woyamba wa dayosizi ya kunyanja kuno adali yani, yankho likhala pa mlomo: Wilfrid Hornby, 1892. Koma funsani wophunzira wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti ufumu wa a Mkumpha wa pa Likoma udakhazikika motani, kapena kuti makolo a anthu a ku Makulawe, ku Nkhwazi ndi ku Same adafika liti ndipo ankathawa chiyani. Mudzamva zii. Si kuti mayankho kulibe. Ali m'mitu ya agogo a pachilumbapo, ndipo sitidavutike kukawafunsa.

Ngakhale pakati pa amishoni eni ake, nkhani ya chilumba siidali yogwirizana. Johnson sankakondwa ndi maganizo omanga likulu lalikulu lozunguliridwa ndi madzi. Iye ankafuna kukhala m'sitima, kuyenda mudzi ndi mudzi, kusiya mphunzitsi wakuda pansi pa ulamuliro wa mfumu ya mudziwo, ndi kudya chimene eni mudzi akudya. Chauncy Maples, mnzake wapamtima kuyambira ku Oxford, amene adafika pa Likoma mu 1886, ndiye adali munthu wa likulu: tchalitchi, sukulu, makina osindikizira mabuku, dongosolo. Kunena zoona onse awiri adapambana, chifukwa likulu lidamangidwa ndipo sitima idayendabe. Koma nkhawa ya Johnson idali yomveka. Mpingo ukakhala pa malo ang'onoang'ono, a masikweya kilomita 18 okha, uli ndi mankhwala, sukulu, nsalu, ntchito yolipidwa ndi sitima yokhayo yodalirika, kodi umakhalabe mlendo? Kapena umasanduka boma mosalengeza?

Apa ndi pamene pali funso lalikulu. Mabuku a mishoni amati chilolezo chomanga pa Likoma chidachokera kwa mfumu Chiteji, ndipo adachilandira ndi Bishopu Charles Smythies mu 1885. Wansembe George Swinny ndiye adayamba kukhalapo. Chiteji adali mfumu ya Anyanja, ndipo mudzi wake udali kumtunda, moyang'anana ndi chilumbachi, dera limene lero lili mu Mozambique. Onani bwino pamenepa. Munthu amene akuti adatsegula khomo la Likoma, dziko lake lidagwa m'manja mwa Apwitikizi patangopita zaka 6, pamene chilumba chimene adaloleza chidagwa m'manja mwa Angerezi. Mfumu uku, malo ake uko. Kodi pamene ankavomera, wina adamuuza kuti zidzatha motero?

Ndipo adavomera chiyani kwenikweni? Tonse tikudziwa m'mene malo amaperekedwera kwathu kuno. Mlendo akafika, mfumu imamulozera pomanga ndi polima. Mlendoyo amathokoza ndi kangachepe, nkhuku kapena nsalu, ndipo amakhala. Akachoka, malo amabwerera kwa eni ake. Palibe mfumu imene inkaganiza kuti ikugulitsa nthaka mpaka muyaya, chifukwa nthakayo siidali yake yokha; idali ya mbumba, ya amene adagona kale ndi ya amene sadabadwe. Mzungu wa nthawi imeneyo, ngakhale wa mtima wabwino, ankamva zina. Kwa iye mawu a mfumu adali chiyambi cha umwini, chinthu choti chilembedwe pa pepala ndi kukaonetsedwa kwa kazembe. Kusamvana kumeneku sikudachitike pa Likoma pokha. Mu 1892 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, adayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati adagula kwa mafumu, ndipo ku Thyolo ndi ku Mulanje mabala ake akadali osapola mpaka lero. Nanga tikuganiziranji kuti pa chilumba pokha ndiye pamene mfumu ndi mzungu adamvana bwinobwino? Akuluakulu a m'midzi ya pachilumbapo adakhala nawo pa bwalolo? Amayi amene minda yawo idayandikana ndi malo a mishoni adafunsidwa? Akuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti alendo awa adabwera nako. Koma mwambiwo sunena kuti mlendo atenge ndi mutu womwe.

Malo amene adapatsidwa ndi Chipyela, ndipo palibe mlendo amene amachoka pa Likoma osamva kuti apa ndi pamene ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Nkhaniyi sitikuikana, ndipo sitikuichepetsa. Munthu wootchedwa wamoyo chifukwa cha mphekesera ndi munthu wophedwa mwankhanza, kaya zidachitika liti. Koma taonani ntchito imene nkhaniyi yakhala ikugwira kwa zaka zoposa 100. Ndiyo yokha imene anthu ambiri amadziwa yokhudza Likoma wakale. Anthu amene adapulumuka Magwangwara, amene ankaoloka nyanja yoopsa pa bwato la mtengo umodzi, amene adapeza njira yodyera pa chilumba cha miyala ndi malambe, onsewo timawakumbukira ndi mulu umodzi wa phulusa. Ku Ulaya nako anthu masauzande ambiri adaphedwa pa mlandu womwewu m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, ambiri mootchedwa, koma palibe amene amayamba mbiri ya Germany kapena Scotland ndi nkhani imeneyo n'kuitsekera pomwepo. Bwanji ife timalola?

Ndiye tisadzinamizenso kuti moto wa pa Chipyela udazimiratu. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1911, chaka chomwe tchalitchi chachikulu cha pa Likoma chidapatulidwa, koma mpaka lero nyuzipepala zathu zikulembabe za agogo ogendedwa ndi adzukulu awo. Amene amanyadira kuti mdima udatha mu 1885 ayambe wawerenga nkhani za m'maboma athu a kumtunda.

Tibwerere ku malire. Chimene chidapangitsa Likoma kukhala mbali ya dziko lino sichidachitikire pa nyanja. Kumapeto kwa 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, adalimbana ndi Amakololo ku chigwa cha Shire, dera limene Angerezi ankati lili pansi pa chitetezo chawo. Mu January 1890 boma la Angerezi, lotsogozedwa ndi Lord Salisbury, lidalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo Portugal, posowa mphamvu, idagonja. Zokambirana zidatha ndi pangano losainidwa ku Lisbon pa 11 June 1891. Panganolo lidapereka gombe la kum'mawa, kuyambira kumalire ndi Ajeremani kutsika kumwera, kwa Apwitikizi, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu lidazisiya kwa Angerezi. Chifukwa chake n'chodziwika: padali likulu la mpingo wa ku England, ndipo sizikanatheka kuti nduna za ku London zipereke ansembe awo m'manja mwa ufumu wa Chikatolika umene adali atangokangana nawo.

Tsono tinene mosabisa. Likoma ndi Malawi osati chifukwa wina adaganizira asodzi ake, koma chifukwa padali azungu ochepa amene boma lakwawo silinkafuna kuwataya. Amishoni aja akanamanga ku Msumba kapena pa mudzi wa Chiteji, osaoloka, bwenzi lero mwana wa ku Chizumulu akuphunzira Chipwitikizi ndi kuimba nyimbo ya fuko ya ku Maputo. Ku Lisbon kuja kudalibe Mnyanja ndi mmodzi yemwe, kudalibe Mtonga, kudalibe nthumwi ya Chiteji. Kodi uthenga woti tsopano ndinu anthu a Mfumukazi Victoria udafika bwanji m'midzi? Adaunena ndani, m'chiyankhulo chanji, ndipo anthu adayankha chiyani? Kapena adangozindikira okha tsiku limene wina adabwera kudzafuna msonkho?

Wina atha kunena kuti zidawakomera, chifukwa ulamuliro wa Apwitikizi kutsidyako udali wowawa. N'zoona kuti udali wowawa. Dera lija lidaperekedwa kwa kampani ya Niassa, imene idadziwika ndi msonkho wankhanza ndi thangata, ndipo anthu ambiri ankathawira ku Nyasaland. Koma kugwa m'manja mwa mtsamunda wofatsirapo si ufulu, ndipo sikufafaniza funso loti adafunsidwa kapena ayi. Kuonjezera apo, mzere uja udadula pakati pa anthu amodzi. Mishoni nayo idaulawa. Masukulu ake ambiri adali kumtunda, ndipo sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya St Michael's idayambira ku Kobwe, komwe lero timalemba kuti Cobué, isanasamutsidwe kuchoka m'dziko la Apwitikizi. Mu 1954 Angerezi ndi Apwitikizi adakhalanso pansi n'kusuntha malire kuchoka pa gombe kupita pakati pa nyanja, ndipo m'pamene zilumbazi zidatsala zozunguliridwa ndi madzi a dziko lina. Kachiwirinso, eni ake adangomva. Koma magazi sadziwa mapu. Nkhondo ya ufulu wa Mozambique itabuka mu 1964, ndiponso pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1980, anthu a kutsidya adathawira pa Likoma, monga momwe makolo awo ankachitira pothawa Magwangwara, ndipo ambiri adafikira kwa abale.

Pofunsa zonsezi sitikunyoza anthu amene adasiya kwawo n'kudzafera kuno. Adafa ambiri, ndipo ambiri adafa ali achinyamata. Swinny sadakhalitse. Johnson adadwala maso mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, mu 1888 adagwidwa ndi kuchititsidwa manyazi kwa Makanjira, koma adagwirabe ntchito m'mbali mwa nyanja mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928. Ndi iye amene adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Maples adadzozedwa ubishopu ku London mu June 1895, ndipo mu September chaka chomwecho, asanafike n'komwe pa mpando wake, boti lake lidagubuduzika ndi namondwe iye n'kumira. Manda ake ali ku Nkhotakota. Anthu otere sitingawatchule kuti adali akuba. Adadana ndi ukapolo moona mtima, adaphunzitsa atsikana pa nthawi imene ambiri sankaona chifukwa chake, ndipo pofika mu 1893 adali akusindikiza nyuzi yawo, Nyasa News, pa chilumba pomwepo. Koma munthu atha kukhala woyera mtima n'kukhalabe khomo lolowera ufumu wachilendo. Ziwirizi n'zoona pamodzi, ndipo mtundu wokhwima maganizo umatha kuzinena zonse popanda kuchita chibwibwi.

Nanga za tchalitchi cha St Peter's, chimene chili pa chithunzi chilichonse chokopa alendo? Mwala wa maziko udaikidwa mu January 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, chidayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905, ndipo chidapatulidwa mu November 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Wojambula pulani yake timamudziwa, Frank George. Chabwino. Koma Frank George adali ndi manja awiri okha. Adaswa miyala ndani? Adasenza mchenga ndi madzi kuchokera ku nyanja kukwera nazo mtunda uja ndani? Adaumba ndi kuotcha njerwa, adapalasa mabwato odzaza ndi mitengo ndi zipangizo kuchokera kumtunda, popeza pachilumba mitengo njosowa, ndani? Adali amuna ndi amayi a pa Likoma ndi a m'midzi ya kutsidya, ndipo ena mwa iwo adaphunzirira pomwepo umisiri umene adakamanga nawo matchalitchi ena m'mbali mwa nyanja. Bwanji tikamayankhula timati azungu adamanga? Mawu amenewa timawanena ndife tomwe, adzukulu a osenza miyala.

N'chimodzimodzi ndi sitima ya Chauncy Maples. Idapangidwa ku Glasgow, idabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi, pamene madzi sayendeka, zidutswazo zidasenzedwa pamutu. Chitsulo chake chachikulu chophikira nthunzi chidakokedwa pa ngolo ndi amuna mazanamazana kudutsa mapiri. Idayamba kuyenda mu 1901. Dzina la bishopu lili pa sitimayo. A okoka ngolo ali kuti?

Chopweteka kwambiri n'chakuti ngakhale Aafirika amene mayina awo adalembedwa, sitiwatchula mokwanira. Augustine Ambali adagwidwa ukapolo ali mwana, adaomboledwa n'kuphunzira ku Zanzibar, adabwera ku nyanja ndi Johnson, ndipo ndiye adaimika mpingo wa ku Msumba kwa zaka zambirimbiri. Adasiya buku lofotokoza moyo wake. Yohana Abdallah, wansembe wa Chiyao amene adagwira ntchito ku Unangu, adalemba mbiri ya Ayao imene idasindikizidwa mu 1919, ndipo akatswiri a mbiri akuigwiritsabe ntchito. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia ku gombe la kum'mawa, adadzozedwa unsembe mu 1909, adapita kukatsegula ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo adamwalira komweko mu 1913. Mzungu ankafika pa mudzi kamodzi pa nthawi, sitima ikakocheza. Amene ankagona m'mudzimo, kuphunzitsa ana pansi pa mtengo, kukambirana ndi mfumu ikakwiya, kuika maliro, adali aphunzitsi akuda ngati amenewa. Ndiye amene adakhazikitsa mishoni ya pa nyanja ndani kwenikweni? Ndipo ngati anthu a luso lotere adalipo kale isanafike 1910, chidachedwetsa n'chiyani kuti mwana wa pa Likoma, Josiah Mtekateka, adzakhale bishopu mu 1965, patatha zaka 80 chifikireni amishoni?

Sukulu za mishoni zidasintha chilumbachi kuposa china chilichonse. Likoma idatchuka ngati malo amene pafupifupi aliyense ankadziwa kuwerenga pa nthawi imene maboma ambiri adalibe ndi sukulu imodzi yomwe yolongosoka. Koma tifunsenso: maphunzirowo adapindulira yani? Pachilumba padalibe ntchito yokwanira anthu ophunzira chotere. Anyamata adakwera sitima kukakhala akalaliki, aphunzitsi, omasulira ndi amisiri ku Zomba, ku Blantyre, ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku Joni. Maofesi a atsamunda m'maiko anayi kapena asanu adayenda ndi zolembera za ana a pa Likoma, pamene kumudzi kudatsala amayi, okalamba, chinangwa ndi usipa. Ndalama zinkabwera m'makalata, inde, ndipo nyumba zina zidafoleredwa ndi malata. Koma chizolowezi choti wophunzira ndi wochoka chidayamba pamenepo, ndipo sichidathe.

Boma la atsamunda lidaona kuti zinthu zili bwino chomwecho. Lidalandira zilumba popanda kuombera mfuti, ndipo lidasiyira mpingo ntchito ya sukulu, chipatala ndi mayendedwe, ngakhale milandu yambiri inkathera pa khonde la wansembe. Mtsamunda sitimudabwa, adabwera kudzasunga ndalama, osati kudzamwaza. Koma ife, a dziko lodzilamulira kuyambira mu 1964, tasiyana naye pati? Zilumbazi zidakhala pansi pa Nkhata Bay mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene zidapatsidwa boma lawolawo. Mpaka lero chipatala chimene anthu amadalira ndi St Peter's, cha mpingo. Ulendo wa kumtunda wakhala ukudalira Ilala, sitima imene idayamba kuyenda mu 1951, ndipo ikaima kuti ikonzedwe mitengo ya ufa, sopo ndi mafuta pachilumba imakwera. Nkhuni ndi zakudya zina zimachokera kutsidya, kwa anthu omwe aja amene pangano la 1891 lidawasandutsa akunja. Mpingo nawo udasamutsa likulu lake kupita kumtunda kalekale, ndipo bishopu wa dayosizi ya kumpoto amakhala ku Mzuzu. Kodi tidalandira Likoma ngati dziko lathu, kapena ngati katundu wosiyidwa ndi mlendo amene sitidziwa pomuika? Timaikumbukira pa nthawi iti kupatula ya chisankho ndi ya kujambula zithunzi za malo ogona alendo?

Pali ntchito imene ingayambe chaka chino popanda kudikira ngongole ya kunja. Makalata ndi mabuku a mishoni ija, imene idaphatikizana ndi bungwe lina mu 1965, akusungidwa ku Oxford. Zikalata za boma la atsamunda zili ku nyumba yosungira zakale ku Zomba. M'mapepala amenewa muli mayina a midzi, a mafumu, a obatizidwa, a amisiri, ndi zimene azunguwo adalemba pa nkhani ya malo. Mwana wa ku Chiteko kapena ku Madimba sangakwere ndege kukawerenga za agogo ake. Chikuletsa n'chiyani kuti mpingo wa Anglican, umene uli ndi ubale wamoyo ndi anzawo a ku England, upemphe kuti mapepalawa ajambulidwe ndi kuikidwa poti aliyense pachilumba awaone? Chikuletsa n'chiyani kuti a mbiri ku Mzuzu University ndi ku University of Malawi atumize ophunzira awo kukakhala pansi ndi okalamba a m'midzi yonse ya zilumba ziwirizi, ndi kuolokanso kukamva mbali ya mbumba ya Chiteji? Mbali imeneyo njofunika kwambiri, chifukwa nkhani ya 1885 taimva kuchokera kwa olandira okha.

Kwa a khonsolo ya Likoma, a Mkumpha ndi mafumu awo, ambuye bishopu ndi a unduna woona za chikhalidwe, pempho lathu ndi ili: pambali pa tchalitchi chija pakhale kanyumba kofotokoza mbiri ya anthu a pachilumba kuyambira azungu asanafike, ndipo mayina a amisiri ndi osenza miyala amene angapezeke m'mabuku ndi m'makumbukiro a mabanja alembedwe poonekera. Okalamba amene adamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa omanga tchalitchicho atsala owerengeka, choncho oyamba kufikiridwa akhale iwowo.